Nyali ya Khumi ndi Chitatu

Nkhaniyo ndinaiyamba m'buku, ndili folomu yachiwiri,
buku lopanda chikuto, lonunkha mikodzo ya makoswe.
Mtsikana wantchito m'nyumba ya miyala, kudziko lachisanu,
ankayatsa nyali khumi ndi ziwiri madzulo alionse,
koma akaziwerenga pokagona
zinkakhala khumi ndi zitatu.
Usiku wina anakwera makwerero kukaifuna inayo,
anagwira chitseko,
ndipo tsamba lomaliza panalibe.
Malume Lufeyo anali atapichirira chingambwe.
Mathero a nkhani anawasuta pakhonde,
utsi n'kulowera cha ku Bua.

Zaka zisanu ndi ziwiri
ndinayenda ndi chitseko chimenecho m'mutu.

Ndiye Loweruka lina pa Santhe,
pa bolodi la vidiyo ya Zakeyu,
pansi pa za nkhonya ndi za mfuti,
choko chinati: YA MIZUKWA, YAKALEKALE.
Ndinapereka makwacha onyowa thukuta.
Mabenchi a zigwagwa, fungo la chiwaya ndi nsapato,
kanema wakuda ndi woyera,
mizere ikutsika ngati mvula ya m'Januwale.

Anyamata akabaza anayamba kukuwiza:
Tibwezere zathu, Zakeyu!
Onsewa anafa kalekale awa!
Sananame. Onse anali akufa,
woyimba limba, wokoka hatchi, ngakhale galu,
koma ankayendabe pakhoma la zidina zosawotcha
osadziwa kuti ali ku Kasungu.

Kenaka mtsikana uja anatulukira ndi machesi.
Ndinamudziwa.
Ayi, sindinamudziwe:
ine powerenga ndinam'patsa nkhope ya amayi,
ndi chipsera cha mbaula pamkono,
apa anali mzungu wa maso a mphaka.
Anawonjezeramo mabingu, ndi wansembe woledzera,
zomwe m'buku munalibe.
M'buku munali zii basi,
zii wake uja umamva magazi ako akuyenda.

Koma atayamba kuwerenga nyali
phokoso linatha lokha.
Wogulitsa mazira anasiya mchere m'manja.
Imodzi, ziwiri, zitatu,
chipinda chonse chikunong'ona naye,
mpaka khumi ndi ziwiri,
ndipo kamnyamata kena kumbuyo kanati:
iyo, iyo, pamwambapo!

Anakwera. Thabwa lililonse likulira.
Anatambasula dzanja.
Ndinaimirira osadziwa,
wina n'kundikoka malaya.
Chogwirira chinatembenuka pang'ono,

magetsi thi!

Mluzu, matukwano, benchi kugwa.
Zakeyu anati jenereta ilibe mafuta,
bwerani mawa.
Mawa lake anati chimbale chakandika.

Njira yakwathu imadutsa pa esiteti yakale.
Zigafa zinagwa, mabani anasanduka a mileme,
koma nyumba ya bwana ikadali chiimire,
yopanda denga mbali imodzi,
mkuyu utamera m'bafa.
M'menemo amayi anakolopa zaka khumi ndi chimodzi,
kuyatsa nyali za anthu, kuzimitsa nyali za anthu,
kwawo kukudikira koloboyi wopanda palafini.
Anachokamo ndi chifuwa ndi mapepala a ngongole.
Palibe analemba buku lawo.
Likanalembedwa, bwenzi titalisutanso.

Usiku umenewo mwezi kunalibe.
Ndinawerenga mazenera monga ndimachitira ndili mwana,
khumi ndi awiri, onse akuda bii.
Nditapitirira, khosi linanditembenuza lokha.
Pamwamba, pomwe sindikumbuka kuti panali zenera,
panali kuwala kochepa, kosagwedezeka.

Mwina chiphaniphani.
Mwina wotcha makala wabisala ndi tochi.
Mwina mlonda, ngakhale palibe chotsala choti n'kulondera.

Ndinafika pa geti, dzimbiri n'kundimata m'manja.
Ndinaima mpaka tambala woyamba
kenaka ndinapita kukagona.

Lero ndili ndi foni yoti ndikanatha kufufuza
n'kuona mathero ndisanamalize tiyi.
Mwana wanga Dolesi wandiuza kangapo.
Ndimangoti mawa.
Madzulo ndimazimitsa magetsi m'nyumba, chipinda ndi chipinda,
ndipo sindiwerenga.